Loya wa wothawa kwawo ndi lamulo la 1989

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa m'zaka za m'ma 1980, anthu a ku Mozambique anakhamukira kuno mpaka kupitirira miliyoni imodzi. Ambiri anali abale enieni a anthu a ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje, olankhula chinenero chimodzi. Masiku amenewo nkhawa inali ufa, mankhwala ndi pogona. Za maloya ndani akanaziganiza?

Mu 1987 boma la Kamuzu linalowa m'pangano la United Nations la 1951 loteteza othawa kwawo, koma linakana kumangidwa ndi mfundo zina, monga yoti wothawa azikhala kumene wafuna ndi yoti azilembedwa ntchito momasuka. Lamulo lathu la othawa kwawo linatsatira mu 1989. Linali malaya osokera mlendo wa masiku ochepa, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, a ku Mozambique anabwereradi kwawo.

Obwera pambuyo pake sanabwerere. Mu 1994 boma linasandutsa Dzaleka ku Dowa, kumene Kamuzu ankatsekera akaidi a ndale, kukhala msasa wa othawa ochokera ku Rwanda, Burundi, Congo ndi Somalia. Malo oyenera anthu pafupifupi 12,000 lero akusunga oposa 50,000, ndipo ena obadwira momwemo ali ndi ana awo. Nzosadabwitsa kuti ambiri anatsikira ku Lilongwe kukatsegula mashopu ku Old Town, ku Mgona ndi m'madera ena. Ife tinangowatcha onse Maburundi, ngakhale wochokera ku Kigali kapena ku Bukavu.

Chaka chomwecho cha 1994 chinabweretsa Malamulo Aakulu atsopano. Gawo 42 limapatsa aliyense womangidwa, nzika kapena mlendo, ufulu woonana ndi loya, ndipo woganiziridwa mlandu ayenera kufika kukhoti pasanathe maola 48. Apa ndi pamene oimira alendo anapeza popondapo. Kuyambira 2000 alangizi a zamalamulo a PASI anayamba kulowa m'ndende, ndipo mu 2015 Legal Aid Bureau inayamba kuimira osowa ndalama ya loya. Ku ndende ya Maula ankapezako anyamata a ku Ethiopia ogwidwa ali pa ulendo wa ku South Africa, ena atatsiriza kale chilango koma akungokhalabe, kudikira ndalama yowabwezera kwawo.

Komabe pa nkhani ya msasa makhoti sanapatuke. Mu 2008 khoti lalikulu ku Lilongwe linagamula kuti boma silinalakwe polamula othawa kubwerera ku msasa, ndipo chifukwa chachikulu chinali mfundo zija tinakana mu 1987. Mu Epulo 2021 unduna wa chitetezo cha m'dziko unalamulanso zomwezo. Maloya anatenga chiletso, chimene chinagwira chaka ndi miyezi, koma mu Ogasiti 2022 khoti linachichotsa.

Zotsatira zake anthu a mu Lilongwe anaziona ndi maso. Pa 17 Meyi 2023 apolisi anazinga madera a mumzindawu, ndipo malinga ndi UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, anthu 377, mwa iwo ana 117, anatsekeredwa ku Maula asanapititsidwe ku Dzaleka. Mashopu anatsekedwa, makontena a katundu analandidwa. Nduna ya chitetezo cha m'dziko ya nthawiyo, a Ken Zikhale Ng'oma, anaumirira kuti boma likungotsata lamulo. Malawi Human Rights Commission ndi mabungwe ngati Inua Advocacy, limene anayambitsa a Innocent Magambi, amenenso anakhalapo ku Dzaleka ngati wothawa, anadzudzula kumanga ana ndi kulanda katundu. Chowawa n'chakuti pa za msasazo ndunayo inali ndi lamulo kumbali yake.

Kumene maloya apambana ndi pa kusunga anthu m'ndende mopanda malire. Mu 2024 khoti lalikulu ku Mzuzu, pa mlandu umene mabungwe a CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre anathandizira, linagamula kuti alendo opanda zitupa asamasungidwe kupitirira masiku 30 podikira kubwezedwa.

Loya angatulutse munthu ku Maula, koma sangamupatse chilolezo chokhala ku Area 25 kapena kugulitsa ku Malangalanga. Zimenezo zili m'manja mwa aphungu ku City Centre, ndipo lamulo la 1989 likufunika kulembedwanso.