Kuchoka pa Chiguduli Kufika pa Saka ya Pulasitiki: Mbiri ya Thumba la Mlimi wa ku Chipata

Mzinda wa Chipata ku Zambia, womwe m'nthawi ya atsamunda unkatchedwa Fort Jameson ndipo unali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira mu 1911, unakula chifukwa cha zokolola za m'midzi ya Angoni a Mpezeni ndi Achewa a Kalonga Gawa Undi. Kale chimanga chinkasungidwa m'nkhokwe chosatonola ndipo chinkanyamulidwa m'madengu, koma malonda ogula mbewu pa sikelo atakhazikika panafunika chotengera chokhala ndi muyeso umodzi, chomwe chinali chiguduli, thumba lolukidwa ndi luzi la mbewu ya jute yolimidwa ku Bengal, lolowa makilogalamu pafupifupi 90. Chiguduli chinkalola mpweya kudutsa, zomwe zinkathandiza kuti mbewu zisachite nkhungu, koma chinali cholemera, chodula, ndiponso chinkawola chikakhala pachinyezi.

Chomwe chinachotsa chiguduli pamsika ndi pulasitiki wotchedwa polypropylene, amene katswiri wa ku Italy Giulio Natta anapeza njira yomupangira mu 1954. Pulasitiki aliyense ndi polima, kutanthauza tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri tolumikizana m'mizere italiitali ngati mikanda pa ulusi, ndipo popanga saka, polima wosungunulidwa amayalidwa mopyapyala, kenako amalezedwa kukhala timizere tomwe timakokedwa kuti tilimbe tisanalukidwe. Saka yotereyi ndi yopepuka, siwola, ndipo mtengo wake ndi wotsika, kotero kuti m'zaka zimene bungwe logula mbewu la NAMBOARD linathetsedwa mu 1989, ndipo Food Reserve Agency inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, thumba loyera la makilogalamu 50 linali likusanduka muyeso wa chimanga ndi fetereza m'chigawo chonse cha Kum'mawa.

Chimene ogula ambiri sadziwa nchakuti polypropylene payekha sangapirire dzuwa la ku Chipata la mu Okutobala, chifukwa cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso chimadula mizere ya polima ija mpaka thumba kusanduka fumbi lonyenyeka m'manja. Pachifukwa ichi opanga amathiramo mankhwala oteteza ku dzuwa ndi ena oteteza ku kutentha kwa makina, omwe nthawi zambiri safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a kulemera kwa thumba, komabe ndi amene amasiyanitsa saka yotha miyezi yochepa pabwalo ndi ina yofika nyengo yokolola yotsatira. Palinso zowonjezera za mtundu wina, zomwe ntchito yake ndi kudzaza malo, ndipo chofala kwambiri ndi ufa wa mwala wa laimu wofanana ndi choko. Ufa umenewu ukakhala wochepa ndi wothandiza, popeza umaletsa timizere kung'ambika m'litali ndipo umalimbitsa chinthu kuti chisapindike, koma poti ndi wotchipa kuposa polima, pamakhala chiyeso chouchulukitsa, ndipo zikatero thumba limasiya fumbi loyera m'manja nkuphulika pamsoko likangoponyedwa kuchokera pa ngolo. Chinyengo chotere chimapweteka munthu amene alibe njira yochiyezera, ngakhale kuti madzi amatha kuchiulula: polypropylene weniweni amayandama, pamene chidutswa cha beseni chodzazidwa kwambiri ndi laimu chimamira.

Mtundu wakuda wa pulasitiki uli ndi nkhani ziwiri zotsutsana, ndipo amayi ogula ndowa ndi mabeseni pamsika wa Kapata kapena ku Down Shops amakumana nazo zonse. Mwaye wopangidwa kufakitale, ukasakanizidwa bwino pa mlingo wa magawo awiri kapena atatu mwa 100, ndi chishango champhamvu kwambiri ku dzuwa, nchifukwa chake mapaipi a madzi a pulasitiki wina wotchedwa polyethylene ndi matanki ambiri amakhala akuda ndipo amatha zaka zambiri panja. Koma mwaye womwewo umagwiritsidwanso ntchito kubisa maonekedwe a pulasitiki wotoledwa ndi kusungunulidwanso, momwe polyethylene ndi polypropylene amakhala atasakanizika, pamene awiriwa sagwirana bwino, mofanana ndi madzi ndi mafuta, kotero kuti chiwiya chopangidwa motero chimathetheka pa chogwirira chikangonyamulidwa chodzaza.

Mbiri ya thonje ndiyo inasonyeza poyera kuti khalidwe limodzi la pulasitiki likhoza kugwetsa malonda a chigawo chonse. Kampani ya boma ya thonje ya Lintco itagulitsidwa mu 1994 kwa makampani a Lonrho ndi Clark Cotton, ulimi wa thonje unakula kwambiri ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, ndipo alimi, posafuna kutaya matumba a fetereza, ankathyoleramo thonje lawo. Timaulusi ta saka tinkayoyokera m'thonje, ndipo poti tonse ndi toyera, tinkadutsa m'makina ochotsa njere osaoneka. Vuto linkatulukira kutali, kumafakitale oluka nsalu, chifukwa polypropylene samwa utoto monga momwe thonje limamwera, choncho nsalu ikanyikidwa inkatuluka ndi timizere toyera, ndipo ogula akunja anayamba kutsitsa mtengo wa thonje la ku Zambia. Kampani ya Dunavant, yomwe inatenga malonda a Lonrho, inalemba anthu ochotsa timaulusito ndi manja thonje lisanalowe m'makina ndipo inalimbikitsa alimi kusiya masakawo pothyola, ndipo m'zaka zochepa thonje la dzikoli linayamba kugulidwa pamtengo wapamwamba chifukwa cha ukhondo wake.

M'zaka zaposachedwa, matumba osalowa mpweya a PICS, omwe anapangidwa ndi akatswiri a yunivesite ya Purdue ku America, aphatikiza mapulasitiki awiri aja mwanzeru popanda kuwasungunulira pamodzi: kunja kuli saka yolukidwa ya polypropylene yonyamula kulemera, ndipo mkati muli matumba awiri a polyethylene omwe amatsekereza mpweya mpaka anankafumbwe kufa popanda mankhwala. Boma la Zambia nalo linalowererapo pa nkhani ya pulasitiki kudzera mu Statutory Instrument No. 65 ya 2018, yomwe bungwe loona za chilengedwe la ZEMA limayang'anira, yoletsa timatumba togulira zinthu topyapyala kosakwana mamayikuloni 30, pamene mayikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo kutsidya kwa chipata cha Mwami, dziko la Malawi linaika malire ake pa mamayikuloni 60. Muyeso umenewu umanena za kukhuthala kwa jumbo basi, pamene mlimi wa ku Mtenguleni wogula masaka opanda kanthu mu Meyi amadalirabe kukoka timizere ndi zala ndi kuyang'ana ngati m'manja mwatsala fumbi loyera.