Nyenyezi za Makolo Athu: Pa Thanthwe ndi Pakamwa

Abale athu otsogolera makalasi a akulu, kawirikawiri timamva ophunzira akuti, "Ife ndife mbuli, makolo athu sanatisiyire colembedwa." Kodi mau amenewa ndi oona? Tiyeni tiyang'ane kumwamba usiku, tiyang'anenso m'mapanga a dziko lathu lino.

Ku Chifumbazi, m'boma lathu la Chifunde, kuli thanthwe la zojambula zakale zofiira. M'caka ca 1907 Mjeremani Carl Wiese anakumba pamenepo napeza mapale a mbiya zakalekale. M'caka ca 1938 Mpwitikizi Santos Júnior anasindikiza nkhani ya zojambulazo. Pambuyo pake katswiri David Phillipson anatenga dzina la malowa nalipatsa cikhalidwe conse ca alimi oyamba osula citsulo kum'mawa ndi kum'mwera kwa Afirika. Taonani, dzina la kwathu likuwerengedwa m'masukulu akulu akutali, pamene ife eni ake ambiri sitinapondeko!

Zojambula zofiira zotere zilinso ku Zambia ndi ku Malawi. Ku Chongoni, m'dera la Dedza, kuli malo 127 amene bungwe la UNESCO linawalemba m'caka ca 2006 kuti ndi cuma ca dziko lonse lapansi. Zofiirazo amati anajambula ndi Akafula, alenje amene makolo athu anawapeza. Mwa zina muli mizere, madontho ndi zozungulira zotulutsa mizere mbali zonse ngati kuwala. Ena poziona amati ndi dzuwa ndi nyenyezi. Akatswiri ena amati zikunena za mvula ndi kubala. Koma mlimi aliyense adziwa kuti ziwirizi sizitalikirana, pakuti mvula timaiyembekeza poyang'ana kumwamba komweko. Zojambula zoyera ndiye za Acewa, za cinamwali ndi za nyau. Nako ku cinamwali mwezi sunasowe: mpaka lero mai akasamba timati ali kumwezi.

Koma zithunzi zambiri za thambo makolo sanaziike pa mwala ai. Anazijambula ndi mau. Tamvani dzina ili: Akamwini Atsatana. Ndi nyenyezi zitatu zondondozana pa mzere umodzi. Woyamba kuzitcha dzina anaona amuna atatu okwatira pamudzi umodzi, akutsatana m'kanjira. Azungu amaonapo lamba wa mlenje Orion, ife tinaonapo cikamwini cathu. Patsogolo pawo pamayenda Nsangwe, kagulu ka nyenyezi zothithikana. Mwezi wa Novembala zimatuluka kum'mawa dzuwa litangolowa, nthawi imene mvula yoyamba ili pafupi ndipo mbeu zili m'manja. Anzathu a Ciswahili amazitcha Kilimia, ndiye kuti nyenyezi za kulima. Kulinso Mlalang'amba, mzere woyererako wodutsa pakati pa thambo. Maina amenewa anali odziwika kotero kuti omasulira Buku Lopatulika anawatenga nawaika pa Yobu 9:9.

Nanga nthano ya akazi awiri a mwezi? Alice Werner anailemba m'buku lake la 1906 monga anaimvera kwa Anyanja. Puikani, nyenyezi ya madzulo, akhala kumadzulo ndipo amadyetsa bwino mwamuna wake mpaka anenepa. Cekecani, nyenyezi ya m'mamawa, akhala kum'mawa ndipo amam'mana cakudya mpaka aonda. Musaiyese nthano ya ana cabe. Mwezi ukakhala, timauona madzulo kumadzulo, nuyamba kukula. Ukamatha, timauona woonda m'bandakuca kum'mawa. Wopeka nthanoyi anapenyetsetsa thambo miyezi yambiri, namanga zimene anaona m'nkhani ya mitala kuti zisaiwalike. Lero tidziwa kuti akazi awiriwa ndi mmodzi yemweyo, Nthanda, imene asayansi amaitcha Venus. Mitala ija inali ya mkazi mmodzi!

Cotidetsa nkhawa ndi ici. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu a kuno ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Malawi. Mabwalo a madzulo anazima, ndipo nkhalamba zambiri zinapita ndi nzeru zawo. Lero mwana amawerama pa foni, osatukula mutu. Thanthwe limapirira zaka mazana, koma dzina likafa pakamwa pa gogo, lapita basi.

Cifukwa cace tikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, sankhani usiku wopanda mwezi, mutuluke ndi kalasi lanu pabwalo, muitane agogo kuti aloze nyenyezi ndi kuzitchula. Tsiku limenelo mphunzitsi ndi iwo. Caciwiri, m'mawa mwace ophunzira ajambule madontho atatu pansi kapena pa bolodi, alembe dzina m'munsi. Mau ngati nye-nye-zi, ntha-nda ndi nsa-ngwe ndi abwino pophunzitsa malembo ophatikizana amene amavuta ambiri. Ngati mudzi wanu uli ndi dzina losiyana, lembani lomwelo, musalikonze. Cacitatu, langizani ana ndi abusa a ng'ombe kuti asalembe ndi makala kapena kukoleza moto pa matanthwe a zojambula.

Zimene mwasonkhanitsa mutitumizire, pamodzi ndi dzina la mudzi, kuti tizisindikize onse awerenge.