Mwala wa ku Borrowdale: Mbiri ya Graphite

Mwala wakuda, woterera m'manja, womwe lero umatchedwa graphite, unatchuka koyamba m'chigwa cha Borrowdale, kumpoto chakumadzulo kwa England. Unapezeka m'zaka za m'ma 1500 pafupi ndi mudzi wa Seathwaite, ndipo abusa a kumeneko ankalembera nawo zizindikiro pa nkhosa zawo. Poona maonekedwe ake, anthu ankauyesa mtovu.

Posakhalitsa boma linachita nawo chidwi. Mwalawu ankaupaka mkati mwa zikombole zoumbira zipolopolo za mizinga kuti zizituluka zosalala. Mtengo wake utakwera, akuba anachuluka, moti mu 1752 Nyumba ya Malamulo inalamula kuti kuuba kukhale mlandu waukulu. Amisiri nawo ankaucheka tizidutswa titalititali n'kutitsekera m'timitengo. Umu ndi mmene ntchito yopanga mapensulo inakulira m'tauni yapafupi ya Keswick.

Mu 1779 Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anasonyeza kuti mwalawu si mtovu koma kaboni, ndipo mu 1789 Abraham Gottlob Werner anaupatsa dzina lochokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza kulemba. Nkhondo itatsekera France njira yopezera mwala wa ku England, Nicolas-Jacques Conté mu 1795 anasakaniza ufa wa graphite ndi dongo n'kuwotcha mu ng'anjo kuti apange mapensulo. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito: dongo likachuluka, pensulo imalimba. Mgodi wa ku Borrowdale unatsekedwa mu 1891.

Pensulo imalemba chifukwa maatomu a kaboni mu graphite amayalana m'timagawo topyapyala tomwe timasendeka mosavuta n'kutsalira papepala. Kusendeka komweku ndi kumene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anatengerapo mwayi pa Yunivesite ya Manchester mu 2004. Ankamata selotepi pa graphite n'kumatula mobwerezabwereza mpaka anapeza kagawo kochindikala atomu imodzi yokha, kotchedwa graphene. Analandira mphoto ya Nobel mu 2010.

Graphene ndi yolimba kuposa chitsulo, imapindika, ndipo imadutsitsa bwino magetsi ndi kutentha. Akatswiri akuiyesa m'mabatire, m'zosefera madzi ndi mu simenti, ngakhale kuipanga yochuluka pa mtengo wotsika kukadali kovuta. Graphite weniweniyo akufunidwa kwambiri popanga mabatire a mafoni ndi a galimoto zamagetsi, n'chifukwa chake makampani a migodi akhala akufufuza mwalawu ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe.