TIMU YA PA AYISI YA KU JONI: MBIRI YOMWE MATCHONA ATHU SANATIUZE

Uthenga wa lerowu ndi wautali monga mwa nthawi zonse, ndiye pezani pamthunzi kaye, ukonde udikire.

Kuno ku Mzimba, kuyambira pa Jenda, Embangweni, Edingeni mpaka pa boma, nkhani ya ku Joni ili pakamwa pa aliyense. Wina ali ndi mchimwene ku Johannesburg, wina amalume ku Cape Town, wina akusonkhanitsa ya thiransipoti kuti anyamuke. Za mpira wa kumeneko timazidziwa bwino: Kaizer Chiefs, Sundowns, Orlando Pirates komwe Gabadinho Mhango ankamwetsa zigoli. Koma South Africa ili ndi timu ina ya dziko lonse yomwe simudzaimva pa depoti, timu ya amuna ya ice hockey. Amaitchula kuti Rhinos, kutanthauza Zipembere. Mbiri yake ili ndi dzenje la zaka 26 pakati, ndipo dzenje limenelo ndi lomwe ndikufuna tilione bwino.

*Masewerawo ndi otani?*

Tiyambe ndi masewerawo, paja ambirife sitinawaonepo. Amasewera pa madzi oundana, atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi. Timu iliyonse imalowetsa anthu sikisi, kuphatikizapo goloboyi. M'malo mwa mpira pamakhala kachimbale ka labala yolimba, kakakulu ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola, ndipo amakamenya ndi ndodo yokhota kumapeto. Gemu imakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20. Gemu yoyamba yokonzedwa bwino m'nyumba inaseweredwa ku Montreal, Canada, mu 1875, ndipo bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, IIHF, linakhazikitsidwa ku Paris mu 1908.

Ku Canada kapena ku Finland mwana amangotuluka panja nthawi yozizira, dziwe laundana kale, basi wayamba kutsetsereka. Kuno kumwera kwa Africa zimenezo kulibe. Ngakhale kuzizira kwa ku Chikangawa ndi ku Luwawa mwezi wa Juni, kuja kumaumitsa zala, sikungaumitse dziwe loti munthu n'kuimapo. Choncho ayisi yense wa masewerawa ndi wa makina.

Makinawo ndi m'bale wake wa firiji yomwe timasungira chambo. Pansi pa bwalo pamakhala simenti, m'kati mwa simentiyo muli mapaipi ambirimbiri. Kompresa imaziziritsa madzi osakaniza ndi mchere kapena mankhwala oletsa kuundana, pampu n'kumawayendetsa m'mapaipimo, kenako madzi othiridwa pamwamba amaundana. Bwalo lalikulu ndi mamita 60 mulitali, 30 mulifupi. Ayisi akakhuthala masentimita atatu okha, amenewo ndi malita pafupifupi 54,000, madiramu a malita 200 okwana 270. Ndipo asasungunuke, usana ndi usiku. Inu amene munaonapo nsomba zikuwonongeka chifukwa buloko ya ayisi yatha musanafike pamsika, mwamva kale kuti nkhani yake ndi ya magetsi ndi ndalama. Musaiwale mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

*Chiyambi: 1936 ndi 1937*

Masewerawa anamera mizu ku Johannesburg cha mu 1936, chaka chomwe mzindawu unkakondwerera zaka 50 ndi chionetsero chachikulu chotchedwa Empire Exhibition. Bwalo lodziwika la masiku amenewo linali Wembley Ice Rink. Mu February 1937 South Africa inalowa m'bungwe la IIHF, dziko loyamba mu Africa muno, ndipo kwa zaka zoposa 60 linali lokhalo.

Tsono taganizani za Johannesburg wa zaka zimenezo. Ndi nthawi yomwe agogo athu ochokera kuno kwa M'mbelwa ndi kunyanja kwa Atonga ankapita kumigodi, ena kudzera ku Wenela, ena wapansi paokha. Iwo ali pansi pa nthaka kukumba golide m'kutentha, pamwamba azungu akutsetsereka pa ayisi. Ndalama yomwe inamanga mzindawu inkachokera m'thukuta lomwelo. Koma masewerawa anali a azungu. Mu 1948 chipani cha National Party chinatenga boma n'kukhazikitsa tsankho la apartheid mwalamulo, ndipo mu 1953 panabwera lamulo logawa malo osangalalirako, mabenchi, magombe ndi zina zotero potengera khungu. N'chifukwa chake matchona athu pobwerera ankabwera ndi njinga, wailesi ndi jekete, koma nkhani ya masewera a pa ayisi ayi.

Chaka chomwecho cha 1948 ku Johannesburg kunafika munthu wina wodziwika, Rudi Ball. Uyu anali katswiri wa timu ya Germany yemwe anapata nawo mendulo ya bronze ku Olympics ya 1932. Anali wa mtundu wa Chiyuda, koma chifukwa cha luso lake anaseweranso ku Olympics ya 1936 mu ulamuliro wa Hitler, ulamuliro womwe unkazunza Ayuda. Atasamuka anasewera m'matimu a ku Johannesburg ndipo anamwalirira komweko mu 1975. Onani mmene dziko limazungulira: munthu amene anaona tsankho ndi maso ku Ulaya anafikira m'dziko lomwe tsankho lina linkangoyamba kulembedwa m'mabuku a malamulo.

*1961 ndi 1966: maulendo awiri, kenako zii*

Ngakhale analowa m'bungwe mu 1937, panatenga zaka 24 kuti timuyi ikaonekere pa mpikisano wa dziko lonse. Unali mwezi wa Marichi 1961 ku Switzerland, m'gulu lachitatu lotchedwa Pool C. Gemu yawo yoyamba anakumana ndi Yugoslavia ndipo anagonja 12 kwa 3. Anagonjetsako Belgium, n'kuthera pa nambala 19 mwa matimu 20. Kwa anthu ochokera kudziko lopanda chisanu chenicheni, sizinali zochititsa manyazi. Anabwereranso mu 1966 ku Yugoslavia, komwe anathera pansi pa gulu lawo.

Kuchoka apo, zii. Timuyi sinaonekenso pa mpikisano wa dziko lonse mpaka 1992.

Chifukwa chake sichinali m'bwalo. Pa 21 Marichi 1960 apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, ndipo maiko anayamba kuifulatira South Africa. Mu 1961 inatuluka mu Commonwealth. Inaletsedwa kupita ku Olympics ya ku Tokyo mu 1964, ndipo mu 1970 inachotsedwa m'bungwe la Olympics. Mpira wamiyendo, kiriketi ndi masewera ena anatsekeredwa zitseko mmodzimmodzi. Mfundo ya otsutsa tsankho inali yosavuta kumva: ngati timu yanu imasankha anthu poona khungu, si timu ya dziko, ndiye musabwere nayo.

Apa pali chinthu china chomwe ife Amalawi tiyenera kuchidziwa. Pamene maiko ena ankatseka zitseko, boma la Kamuzu linatsegula ubale wa ukazembe ndi South Africa mu 1967, ndipo mu 1971 Kamuzu anakacheza kumeneko. Abambo athu anapitiriza kupita kumigodi mpaka ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown mu Epulo 1974, yomwe inapha Amalawi oposa 70 akubwerera kwawo. Kamuzu anaimitsa ulendo wa kumigodi, kenako unadzayambiranso pansi pa Theba mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ndiye kuti nthawi imene timu ya pa ayisi inkalephera kutuluka m'dziko lawo, anthu athu ankalowa m'dziko lomwelo kukagwira ntchito, koma polowera kukhomo la kuseri.

Zaka 26 ndi zambiri, amangwetu. Wosewera amakhala pachimake zaka teni kapena kupitirirako pang'ono. Ndiye kuti mibadwo iwiri ya osewera inayamba n'kupuma osakumanako ndi dziko lina pa mpikisano weniweni. M'zaka zomwezo, mu 1970, ku Johannesburg kunabadwa mwana dzina lake Olaf Kölzig. Makolo ake anali a ku Germany ndipo anakulira ku Canada. Anadzakhala goloboyi wa Washington Capitals mu ligi yaikulu ya NHL, ndipo mu 2000 anasankhidwa kukhala goloboyi wopambana onse mu ligiyo. Pa masewera a maiko ankavala yunifolomu ya Germany.

*1992: kubwerera*

Mandela anatuluka m'ndende mu February 1990, malamulo a tsankho anayamba kugwa, zitseko za masewera zinatseguka. Mwezi wa Marichi 1992 ndi wofunika kuukumbukira. Kuno kwathu, pa 8 Marichi, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yomwe inagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi. Ku South Africa, pa 17 Marichi, azungu anavota kuti zokambirana zothetsa apartheid zipitirire. Mwezi womwewo Johannesburg inalandira mpikisano wa dziko lonse wa gulu la C2. Kunabwera Spain, Greece, Israel, Luxembourg ndi Turkey. Spain inatenga chikho, eni bwalo anathera pachiwiri.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Mu 1993 anapita ku Slovenia n'kukumana ndi maiko omwe anali atangodziimira paokha Soviet Union ndi Yugoslavia zitapasuka. Maikowa anali atsopano pa mapu okha, koma osewera awo anakulira pa ayisi, ndipo anayambira m'gulu la pansi chifukwa choti malamulo amatero. Slovenia inawathira 29 kwa 0. Kazakhstan inawathira 32 kwa 0. Gemu ndi ya mphindi 60, ndiye werengani nokha: chigoli chilichonse mphindi ziwiri zisanakwane. Imeneyo inali risiti ya zaka 26 zokhala kwaokha.

*Kukwera ndi kutsika*

Mpikisano wa IIHF uli ngati makwerero. Pamwamba pali akuluakulu monga Canada, Sweden, Finland, Czechia ndi America. Pansi pake pali Division I, II, III mpaka IV. Ukapambana umakwera, ukathera pansi umatsika, monga zinkakhalira pakati pa Super League yathu ndi maligi a m'zigawo.

Chibwerereni, Zipembere zakhala zikuyenda pakati pa Division II ndi Division III. Zikakwera zimapeza kuti pamwambapo mpotentha, zikatsika zimakhala m'gulu la matimu oopedwa. Mu 2005 ku Mexico City zinathidzimula Armenia 33 kwa 1 n'kukwera. Mu 2013 zinatenga chikho cha Division III pakhomo ku Cape Town. Mu 2022 zinapambananso gulu la Division III B komweko ku Cape Town. Dzikoli lalandiranso mipikisano kangapo: ku Krugersdorp mu 1998 ndi 1999, komanso ku Cape Town mu 2002, 2011 ndi 2018, pa bwalo la Ice Station la ku GrandWest. Ku Olympics timu ya amunayi sinafikeko.

N'chiyani chikuwalepheretsa kukwera kwambiri, pomwe pa rugby dziko lomwelo latenga chikho cha dziko lonse kanayi? Tabwereranso ku ayisi uja. Mabwalo ndi ochepa, ambiri ali ku Gauteng, ku Cape Town ndi ku Durban, ndipo ena ali m'malo a zamalonda momwe timu imagawana nthawi ndi anthu ongobwera kudzasangalala. Nsapato, ndodo, chipewa ndi zodzitetezera zimachokera kunja, n'zodula. Osewera ambiri ali ndi ntchito zina kapena sukulu. Onjezani kuzimazima kwa magetsi komwe kwavutitsa dzikolo kuyambira 2007, pomwe kompresa imafuna moto nthawi zonse. Lamulo loletsa munthu wakuda linachoka mu 1990, koma mwana wa ku Soweto kapena ku Khayelitsha amafunikabe ya thiransipoti, ya pakhomo ndi ya zipangizo. Mpira wamiyendo umangofuna mapepala apulasitiki, chingwe ndi miyala iwiri.

*Africa yayamba kudzuka*

Masiku ano South Africa siilinso yokha m'bungwe lija. Morocco inalowa mu 2010, Algeria mu 2019, Tunisia mu 2021, Kenya mu 2024. Nkhani ya Kenya ndiyo imandisangalatsa. Anyamata a Ice Lions anayambira pa kabwalo kakang'ono ka mu hotela ya Panari ku Nairobi, alibe timu ina yosewera nayo m'dziko lonse. Mu 2018 anawatengera ku Canada komwe anasewera limodzi ndi akatswiri Sidney Crosby ndi Nathan MacKinnon. Kabwalo kamodzi, khomo lotsegula, timu inabadwa.

Ine sindikunena kuti timange bwalo la ayisi pa Jenda, ayi. Ayisi amene tili naye apite kaye ku nsomba. Koma mbiriyi itiphunzitse kuwerenga zigoli. Mukaona timu yathiridwa 32 kwa 0, musathamangire kuseka. Funsani kuti ana a dziko limenelo amaphunzirira kuti, amalowa ndani, watsekeredwa kunja ndani, ndipo akulipira magetsi ndani. Funso lomwelo litembenuzireni kwathu. Ife bwalo tinapatsidwa laulere, nyanja yonse ija, yosafuna kompresa. Mwana wa ku Tukombo amasambira asanayambe sukulu, amapalasa bwato asanamere ndevu. Ndi angati mwa ana amenewa anapimidwapo liwiro ndi wotchi, kapena kuitanidwa ku mpikisano wosankha oimira dziko pa kusambira ndi kupalasa? Akomiti a m'madoko ndi aphunzitsi a zamasewera, nkhani imeneyi ndi yanu. Mpikisano wa mabwato pa doko umangofuna tsiku, wezulo ndi buku lolembamo maina.

Inu abale amene muli ku Cape Town ndi ku Joni, tsiku lina mukapuma pa ntchito kafunseni kuti Zipembere zikusewera liti, mukalowe pakhomo lakutsogolo lomwe agogo athu ankangolidutsa. Mukajambule, mutitumizire pa gulu pano, tione ayisi amene sasungira nsomba.

Amene wawerenga mpaka pano, tumizira anzako a padoko. Moni kwa alovi onse, ndipo amene injini ikuvuta kulira m'mawa, yambani mwaona pulagi musanandiimbire.