Kalulu wa Anichkov ndi mafuta a m'magazi

Cholesterol anapezeka koyamba m'miyala ya m'ndulu za anthu ku France m'zaka za m'ma 1700, ndipo Michel Chevreul anamutcha dzina mu 1815. Kwa zaka pafupifupi 100 sanadziwike kuti amachita chiyani m'thupi.

Nkhani inafika pokoma mu 1913 ku St Petersburg. Dokotala wachinyamata, Nikolai Anichkov, anasungunula cholesterol m'mafuta a mpendadzuwa n'kumamwetsa akalulu. Patatha masabata anang'amba mtsempha waukulu wa magazi, n'kupeza mkati mwamatirira zachikasu zonga zimene zimatseka mitsempha ya odwala mtima. Akalulu omwa mafuta a mpendadzuwa okha anali bwinobwino. Anzake anamuderera. Kalulu amadya udzu, iwo anatero, nanga agalu ndi makoswe bwanji sakudwala? Funsolo linali lanzeru, koma anathamangira kugamula. Galu ndi khoswe amataya msanga cholesterol woonjezera, choncho magazi awo sadzaza. Kwa ine ulemu woyamba ngwa Anichkov, ngakhale mphoto ya Nobel ya 1985 inapita kwa Michael Brown ndi Joseph Goldstein, amene anatulukira mmene maselo amakokera LDL kuichotsa m'magazi. LDL ndi tinthu tonyamula cholesterol timene John Gofman anatisiyanitsa ndi tinzake totchedwa HDL cha mu 1950.

Kanyama kamene kanathandiza kufotokoza za chakudya ndi hamster, kooneka ngati mbewa yonenepa ya mchira waufupi, komwe makolo ake anagwidwa kufupi ndi Aleppo mu 1930. Magazi ake amayendetsa mafuta mofananako ndi athu kuposa a khoswe. M'ma 1980 ku Dallas, David Spady ndi John Dietschy anaona kuti kakadya mafuta oundana a kokonati, chiwindi chimachepetsa kukoka LDL, ndiye imachuluka m'magazi.

Kuno ku Mchinji zimenezi zikutikhudza. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 9 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi cholesterol wokwera, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi BP. Chonsecho mtedza wathu wa Chalimbana ndi CG7, komanso mpendadzuwa, mafuta ake ambiri ndi osaundana. Zimandipweteka kuona mlimi wa ku Mkanda kapena Kapiri akugulitsa mtedza wonse kwa mavenda pa Kamwendo, ndalamayo n'kukaithera pa chiwaya, pa nkhumba yonona yokazingira m'mafuta akuda a dzulo. Nsinjiro zothira m'nkhwani zikadatsala pakhomo, bola mtedzawo ausankhe bwino, chifukwa wachuku umaononga chiwindi.