Mwana amene anakulira pamzere

Pa nkhani ya maviza, malamulo a ku America amati mwana ndi munthu amene sali pabanja ndipo sanakwanitse zaka 21. Koma mzere wa maviza oitanira achibale umatha kutenga zaka zoposa khumi, motero ana ambiri ankakulira pamzerepo n'kufufutidwa pa mapepala a makolo awo.

Mu Ogasiti 2002, George W. Bush anasaina lamulo la Child Status Protection Act. Powerenga zaka za mwana, lamuloli limachotsera nthawi imene boma linkaunika pempho, koma osati zaka zodikira kuti viza ipezeke. Ine ndimaona kuti linaphonya pomwepa, pakuti kudikira kwenikweni kuli pamenepo.

Mlandu umene sindiuiwala ndi wa Scialabba v. Cuellar de Osorio. Mayi wina wa ku El Salvador anaitanidwa ndi amayi ake mu 1998, mwana wake ali ndi zaka 13. Viza inatuluka mu 2005, mnyamatayo atakwanitsa kale 21. Mayiyo anapita, mwana n'kutsala. Mu 2014, oweruza asanu mwa asanu ndi anayi a khoti lalikulu anavomereza zimene boma linkanena, kuti ana otere akayambirenso kumchira kwa mzere wina.