Mpikisano wa Dziko Lonse Unacitikapo pa Zambezi

Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinapeza anyamata a giredi 11 ataunjikana pa foni imodzi kumbuyo kwa kalasi. Ndinaganiza kuti ndi mpira wa ku England monga mwa masiku onse, koma anali kuonerera triathlon, mpikisano umene munthu mmodzi amasambira makilomita 1.5, kuchova njinga makilomita 40, kenaka n'kuthamanga makilomita 10 osapumira pakati.

Vidiyoyo inali ya mpikisano wotsekera caka ca 2016, ku Cozumel m'dziko la Mexico. Caka cimeneco akatswiri anazungulira mizinda 9, ndipo mu Africa anaima pa Cape Town pokha. Pa tsiku lomalizalo Jonny Brownlee wa ku Britain anali patsogolo, koma kutatsala mtunda wocepa kutentha kunamugonjetsa, nayamba kudzandira ngati woledzera. Mkulu wake Alistair anamukoleka dzanja paphewa, nathamanga naye mpaka kumukankhira pamzere. Henri Schoeman wa ku South Africa anawapitirira n'kupambana tsikulo, ndipo ukatswiri wa caka conse unapita kwa Mario Mola wa ku Spain.

Itatha vidiyo, mnyamata wina wa ku Maramba anandifunsa kuti, "Ba Sir, nanga mipikisano ya dziko lonse siibwera kuno cifukwa ciani? Madzi tili nawo, misewu ilipo." Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale, conco ndinamuyankha kuti unabwerapo, agogo a agogo ake ali ana.

Tiyambe ndi tauni yathuyi. Azungu oyamba anakhala pa Old Drift, pa doko pamene anthu anali kuolokera Zambezi, ndipo malungo anawapulula kwambiri. Njanji yocokera kum'mwera inafika pa Mosi-oa-Tunya mu 1904, ulalo unatsegulidwa mu Seputembala 1905, ndipo caka comweco anthu anasamukira kumtunda kumene kuli Livingstone lero. Dzikoli linali m'manja mwa British South Africa Company, kampani imene anayambitsa Cecil Rhodes. Kampani imafuna phindu. Njanji inadya ndalama zambiri, ndiye panafunika alendo olemera okwera sitima kudzaona mathithi, ndi ena obwera kudzagula malo. Mu 1905 anacititsa mpikisano woyamba wa mabwato pa Zambezi. Patapita zaka zisanu anaitana anthu awiri amene anali kulimbirana dzina la katswiri wa dziko lonse.

Masiku amenewo kupalasa bwato la munthu mmodzi, lowonda ngati bango, lokhala ndi nkhafi ziwiri, anali masewera a ndalama, monga nkhonya masiku ano. Katswiri anali kusunga dzinalo kufikira wina atamuputa n'kumugonjetsa. Mwini dzina mu 1910 anali Richard Arnst wa ku New Zealand. Inu okonda triathlon mungamukonde munthuyu, cifukwa anayamba ndi njinga. Mu 1906 anapambana mpikisano waukulu wa njinga wa Sydney Thousand ku Australia, kenaka anasiya njinga n'kuyamba kuphunzira nkhafi. Mu Disembala 1908 analanda ukatswiri kwa William Webb pa mtsinje wa Whanganui. Womuputa anali Ernest Barry wa ku London, katswiri wa ku England, amene anakulira pa mtsinje wa Thames.

Awiriwa akanatha kukumana ku London kapena ku Sydney, kumene kunali makamu a oonerera. Kampani ija ndiyo inawakokera kuno, ndipo mbali iliyonse inaika mapaundi 500. Pa 18 Ogasiti 1910 anaima pa madzi odekha a kumtunda kwa mathithi, kumene mabwato a alendo amayenda madzulo masiku ano. Mtunda unali mamailosi atatu ndi kota, kutanthauza makilomita 5 ndi pang'ono. Onse awiri anazolowera mitsinje ya kufupi ndi nyanja yamcere, pomwe kuno tili mamita pafupifupi 900 pamwamba pake, ndipo mpweya wocepa ndi kutentha zinawavuta. Arnst, amene anali wamkulu thupi, anapirira kuposa mnzake napambana. Barry anadzabweza moto mu Julayi 1912 pa Thames, kwawo, n'kukhala katswiri wa dziko lonse.

Manyuzipepala a ku London, Sydney ndi Wellington analemba dzina la Zambezi, ndipo cimene kampani inafuna cinali cimeneco. Caka cotsatira, mu 1911, Livingstone inakhala likulu la Northern Rhodesia, kufikira mu 1935 pamene likulu linapita ku Lusaka.

Nditafika apa mnyamata uja anafunsanso kuti, "Nanga anthu athu anali kuti tsiku limenelo?" Funso limeneli ndilo landilembetsa nkhaniyi. Opalasa bwato analipo pa mtsinje uno kalekale Arnst asanabadwe. Mu Novembala 1855 David Livingstone anafika pa cisumbu ca pakamwa peni-peni pa mathithi ali m'bwato lopalasidwa ndi anthu akuno, amene anali kudziwa polowera ndi pothawira madzi. Njanji isanafike, Atoka-leya ndi Alozi ndiwo anali kuolotsa anthu ndi katundu pa doko. Mpaka lero, pa Kuomboka, amuna oposa 100 amapalasa Nalikwanda kucokera ku Lealui kupita ku Limulunga ataimirira. Luso linalipo lokwanira. Koma mpikisano wa 1910 unakonzedwa ndi alendo, pofuna kukopa alendo anzawo, ndipo m'mabwato awiri aja munalibe malo a mwana wa kuno. Utatha, akatswiri anakwera sitima n'kupita ndi mabwato awo.

Mpikisano wa mabwato unadzutsidwanso mu 2004, ndipo kunabwera opalasa a ku Oxford, Cambridge ndi a m'mayunivesiti a ku South Africa. Ndinali mwana wa sukulu nthawiyo, ndipo za mpikisanowo ndinangozimva kwa mnzanga amene atate ake anali kugwira nchito pa loji ya m'mbali mwa mtsinje.

Ndiulule cinthu cimodzi. Ndinabadwira ku Dambwa, ndili ndi digiri, zaka makumi atatu ndinazipitirira kale, koma sindidziwa kusambira. Amayi anali kutiletsa kuyandikira mtsinje, ndipo sanalakwe, pakuti ng'ona ndi mvuu si za m'nthano. Maiwe osambiramo ambiri amene ndinali kuwaona anali kuseri kwa mipanda ya mahotela. Tsiku lija ndinafunsa kalasi yonse kuti ndani angasambire kucokera pa bolodi kufika pa khoma la kumbuyo. Pa ana oposa 50, manja amene anakwera sanakwane khumi.

Pa masewera atatu a triathlon, awiri tili nawo kale m'makomboni. Onani amuna amene amakwera citunda ndi matumba a makala pa njinga, kapena amene amaolotsa katundu pa ulalo m'mawa uliwonse. Onani ana a ku Libuyu ndi ku Linda akamathamangira belu la sukulu. Cotsala ndi madzi. Ndipo madziwo sitiwafunira mendulo zokha: nyengo ya mvula ikafika, ana amasewera m'makwawa ndi m'maenje odzala, ndipo amene sadziwa kuyandama ndiye amene timakamulira.

Tsono ndinauza anyamatawo kuti mpikisano waukulu ungabwerenso, cifukwa amene ali ndi ndalama amaukokera kumene afuna, monga inacitira kampani ija. Ukadzabwera, funso lidzakhala lomwe lija la mnzawo wa ku Maramba: ife tidzakhala kuti? Tinagwirizana kuti tilembe kalata yopempha dziwe limodzi la m'tauni kuti lizitilola Ciwelu ciliconse m'mawa, alendo asanadzuke. Pa pepala la ofuna kuphunzira kusambira pali maina 23. Loyamba ndi langa, ndipo anyamatawo sanaleke kundiseka mpaka lero.